Mayi Amene Anathokoza Makatoni

A Esinati anabadwira pa esiteti ya fodya kumalire a Dowa ndi Ntchisi, m'kanyumba ka udzu kamene makolo awo anapatsidwa atabwera kuchokera ku Phalombe kudzagwira utenanti. Mwana wa tenanti amakula akudziwa kuti zonse zimene akuziona ndi za eni: munda, khasu, chigafa, ngakhale mtengo wa mango umene amausapo dzuwa. Bambo awo ankati katundu yekhayo amene tenanti amasamuka naye kapitawo osamusecha ndi pakamwa pake. Akakhala wabodza, mbiri yake imakafika pa esiteti ina iye asanatsike lole. A Esinati anakula ndi mawu amenewo, ndipo anakhala munthu wosalankhulalankhula.

Anakwatiwa ndi a Danieli, mlimi wa m'mudzi wina wa kumtunda kwa Msakambewa, amene anawatenga chitengwa. Kumeneko anaphunzira katekisimu, anabatizidwa, nabereka ana anayi, woyamba Dalitso. A Danieli atamwalira, abale ena anayamba kunong'ona kuti mayiyo abwerere kwawo, munda ubwerere ku mtundu. Koma kwawo kunali kuti? Esiteti ija inali itagulitsidwa kale, ndipo ku Phalombe anali asanapondeko. Amene anatseka nkhaniyo anali a Vinsenti, achimwene awo a malemuwo. Anangoti pamene pali manda a mwamuna wake ndi mitchombo ya ana ake, mlamu wawo kwawo ndi pomwepo, ndipo wofuna mundawo ayambe walima msana wa iwo a Vinsenti. Anthu anaseka, nkhani inathera pomwepo.

Zaka zotsatira a Esinati analowa m'gulu losamalira odwala la mu mphakati wawo. Kuwerenga ankachita kujejema, koma mutu wawo unali kaundula. Ankadziwa tsiku la sikelo la mwana aliyense, ndi nkhalamba iti imene yatsala ndi mapiritsi a masiku atatu. Uthenga ukamveka m'mudzi, anthu ankafunsa kuti wanena ndani. Akamva kuti ndi amake a Dalitso, ankangoti basi, n'kuyamba kukonzeka.

Mmodzi mwa odwala awo anali a Vinsenti omwewo. Anali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, aja timati bipi, ndipo mwezi ndi mwezi ankakwera kabaza kupita ku chipatala cha mishoni ku Mtengowanthenga kukatenga mapiritsi, chifukwa pa chipatala chaching'ono cha kumunsi kwa phiri mankhwalawo sankapezeka. Ulendo uliwonse unkadya nkhuku kapena ndowa ya mtedza. Iwo ankadandaula moseka kuti mapiritsi ang'onoang'ono ngati mapira amenewa awathera khola kuposa chitopa, watsala ndi tambala wamasiye.

Chaka china, m'mwezi wa Juni, kunamveka kuti kukubwera alendo a bungwe lina la ku Lilongwe pamodzi ndi akuluakulu a zaumoyo, kudzakhazikitsa ndondomeko yakuti mankhwala a bipi ndi shuga azipezeka ulere m'zipatala zing'onozing'ono zonse. Mwambo wake unali woti uchitikire pa chipatala cha kumunsi chija. Amayi anasesa masiku atatu, anapaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu, anaphunzira nyimbo zatsopano. Aliyense anapatsidwa chitenje chobiriwira cholembedwa mawu.

Tsikulo litafika, a Esinati anayesa kuwerenga magalimoto ngati mikanda ya korona. Makumi awiri anatha, lachitatu linayambika, kenako fumbi linawatseka m'maso. Anali magalimoto ataliatali, a magalasi akuda, ndipo ambiri ankatuluka munthu mmodzi yekha kumbuyo. Panali tenti yaikulu kuposa tchalitchi chawo, kapeti yofiira yoyalidwa pa fumbi, ndi mipando yovekedwa nsalu zoyera ngati ana olandira Ukaristiya woyamba. Panali keke yopangidwa ngati botolo la mankhwala, imene bwana wamkulu anaidula anthu akuomba m'manja. Alendo ankamwa madzi a m'mabotolo, kumwa pang'ono n'kusiya pansi pa mpando, pamene mjigo wa pa chipatalapo unali utafa chiyambire Pasaka. A Esinati anaziona zonsezi, mtima wawo unachita ngati ukufuna kufunsa kanthu. Koma anadzidzudzula okha kuti anthu obweretsa zabwino sawerengeredwa zimene adya.

Ndipo zabwinozo zinalipo ndithu. Pa zenera loperekera mankhwala panaunjikidwa makatoni oyera mpaka kudenga, ndipo ojambula anajambula bwana uja atagwira limodzi, akupereka kwa a Innocent, dokotala wa pamalopo.

Kenako kunabwera mtsikana wa ku wailesi ina, dzina lake Iness, ali ndi kamakina kojambulira mawu, kufunsa kuti angalankhule ndani m'malo mwa anthu a kumudzi. Zala zonse zinaloza kumodzi. A Esinati anakana kawiri, kachitatu anawakankha amayi anzawo.

Kwathu kuno mtolo wa mlendo sumasulidwa mwini wake akuona. Umalandira ndi manja awiri, umagwada, umathokoza, ndipo za m'katimo umakaziona mlendo atapita. Womasula pamaso pa mlendo ndi mwana wosalangizidwa. Choncho a Esinati anapinda mawondo pang'ono pamaso pa kamakinako, n'kuthokoza monga anaphunzitsidwira. Iness anati zili bwino, koma mawuwo akusowa mchere.

"Mankhwalawo mwawaona, eti amayi?"

"Ndaona makatoni, mwanangu."

"Eya, ndi omwewo. Ndiye nenani kuti mwawaona ndi maso anu. Anthu amakonda zimenezo."

Anabwereza katatu mpaka mtsikanayo anakhutira. Mawu amene anatsala m'kamakinamo anali awa: "Ine ndine Esinati wa kuno ku Msakambewa. Mankhwala afika, ndawaona ndi maso angawa. Abale anga a bipi ndi shuga, lekani maulendo ataliatali, bwerani pafupi pano. Zikomo kwambiri."

Alendo atapita kukadya ku tauni, a Esinati anatsalira kuthandiza kutola mabotolo. Ndi pamene anaona anyamata a tenti akukweza makatoni aja mu lole. Mmodzi ananyamula anayi ndi dzanja limodzi, uku akuimba mluzu. Anamufunsa mwaulemu kuti akupita nawo kuti, iye anayankha kuti mawa kuli mwambo ngati womwewu cha ku Ntchisi, koma asade nkhawa, awo enieni abwera sabata yamawa. A Esinati anaima kanthawi atagwira mabotolo. Anaganiza kuti mwina mankhwala a masiku ano ndi opepuka. Anaganizanso kuti anthu ophunzira chonchi sangabwere ndi magalimoto onse aja kudzapereka mphepo. Anakwera phiri osauza munthu.

Patangopita masiku ochepa, mawu awo anayamba kumveka pa wailesi, m'mawa uliwonse nkhani za seveni koloko zikangotha, ndi madzulonso. A Vinsenti anakondwa kuposa onse. Ankakweza wailesi yawo mpaka imveke kudambo, n'kumakuwa kuti mudzi uno watulutsa nduna, ndipo ana asamadutsenso pakhomo pa alamu awo osavula zipewa. Mapiritsi awo atatsala pang'ono kutha, anafunsa ngati apitenso ku mishoni. A Esinati anawauza kuti adikire, poti anamva okha kuti ndi sabata yamawa.

Sabata yamawayo a Vinsenti anatsika phiri ndi kabuku kawo ka kuchipatala. A Innocent anawayeza, anapukusa mutu, n'kuwauza kuti mankhwala sanafike, ndipo ndi bwino apite kumene ankatenga kale poyembekezera. Koma a Vinsenti anati sangaphe tambala wawo womaliza chifukwa cha masiku asanu ndi awiri. Sabata inayo zinali chimodzimodzi. Pa nkhani za pa wailesi ankawerenga kuti ndondomeko ija yafika m'zipatala zonse za m'boma muno ndipo odwala akusimba lokoma, kenako n'kuika mawu a mayi wa ku Msakambewa ngati umboni.

Mwezi utatha, a Esinati anapita kwa alamu awo, anakhala pansi pakhonde, n'kuwauza za mnyamata wa mluzu uja. Anawachonderera kuti apite ku Mtengowanthenga mawa lomwelo, nkhuku apereka iwo. A Vinsenti anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka.

"Alamu, ndimvere uti tsono? Inu mukunong'ona, koma wa pa wailesi uja akulankhula molimba mtima. Ndipo iye uja ananena pamaso pa mabwana."

"Uja ndi ine ndemwe, alamu."

"Ndiye n'chifukwa chake ndikumukhulupirira. Chiyambire sanandinamizepo."

Anawonjezera kuti mutu sukuwapweteka, thupi lili gwa, ndipo boma likanena chinthu limachedwa koma limafika. A Esinati anabwerera kwawo osadziwa ngati awayamikira kapena awatsutsa.

Sanali a Vinsenti okha. Tsiku la Lachiwiri, limene linali la odwala bipi ndi shuga, pa chipatala paja pankadzaza anthu ochokera kuseri kwa mapiri, ena a mbali ya Ntchisi, amene anasiya kumene ankatenga mankhwala chifukwa anamva kuti pafupi alipo aulere. Tsiku lina a Esinati anakhala pa benchi moyandikana ndi mayi wina wotupa mapazi amene anayenda kuyambira m'bandakucha. Mayiyo anawafunsa ngati akumudziwa Esinati wa pa wailesi, akufuna amuone nkhope yake, amufunse kuti maso akewo amaonera kuti. A Esinati anaweramitsa mutu. Bodza sananene, koma zoona sananenenso, ndipo zimenezo zinawalemera njira yonse yobwerera.

Mu Okotobala, dzuwa likuswa mtengo, a Vinsenti anagwa pa nazale ya fodya kudambo, ndowa yothirira ili m'manja. Anawanyamula pa ngolo mpaka kumsewu, kenako pa galimoto ya matola kupita ku mishoni. Kumeneko anapulumutsa moyo wawo, koma anabwerako dzanja ndi mwendo wakumanja zitafa, pakamwa patapotoka. Munthu amene ankaseketsa anthu ngakhale pa maliro anatsala ndi mawu awiri kapena atatu, osamveka bwino.

A Monika, akazi awo a Vinsenti, sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. M'mawa woyamba a Esinati atabwera kudzathandiza kusambitsa wodwalayo, a Monika anawalandira, anawayalira mphasa patali pang'ono, n'kutenga wailesi kuiika pakati pawo. Nkhani zinatha, ndipo mawu aja anatuluka, osangalala, onena kuti lekani maulendo ataliatali. A Monika anamvetsera mpaka pa zikomo, kenako anazimitsa, n'kunena kuti madzi afunda. Anachita zimenezo m'mawa uliwonse. M'mudzi mawu akale aja anayambanso kumveka, akuti wobwera ndi wobwera basi, ndipo amene ankamutchinjiriza uja tsopano sangathe kulankhula.

Loweruka lina a Esinati anapita ku parishi kukalapa. Anauza Bambo Mfumu kuti achimwira lamulo lachisanu ndi chitatu, achita umboni wonama. Wansembeyo atamva nkhani yonse anawauza mofatsa kuti tchimo limafuna kudziwa ndi kufuna, ndipo iwo pa tsikulo sankadziwa, choncho sananame.

"Tsikulo sindinkadziwa, Bambo. Nanga uja akunena m'mawa uliwonseyu? Poti ine tsopano ndikudziwa, iye uja sakudziwa?"

Wansembeyo anangowapatsa mapemphero a chilapo, ndipo iwo anakagwada n'kuwanena onse, osadziwa kuti akulapira tsiku la mwambo, kapena la mnyamata wa mluzu, kapena la pa benchi.

Mvula yoyamba itagwa, anaganiza zokatenga mawu awo. Anavala chitenje chawo cha Amayi Akatolika, anapita pa Boma, n'kukwera minibasi ya ku Lilongwe, kumene anali atapitako kawiri kokha moyo wawo wonse. Anafunsa njira mpaka anafika pa geti la wailesi ija. Mlonda anawafunsa kuti abwera kudzasiya uthenga wa maliro kapena wa ukwati. Atamuuza kuti abwera kudzatenga mawu awo, anawayang'ana ngati munthu wodwala mutu, komabe anakaitana Iness.

Mtsikanayo sanawazindikire mpaka atalankhula. Pamenepo anawakumbatira, n'kumauza anzake kuti bwerani mudzaone, awa ndi amayi a zikomo aja. Anawapatsa mpando ndi botolo la madzi, ndipo atamva za a Vinsenti nkhope yake inagwa ndithu. Koma anafotokoza kuti mawuwo sangachotsedwe, chifukwa bungwe lija linalipiriratu nthawi ya chaka chathunthu, ndipo uthenga wolipiridwa suli m'manja mwa atolankhani. A Esinati anafunsa za nkhani zija zakuti odwala akusimba lokoma, kuti odwalawo anawapeza kuti. Iness anayang'ana pansi, n'kunena kuti amawerenga zimene eni ndondomeko atumiza, poti galimoto yopita kumidzi kukaona imapezeka pokhapokha eni mwambo akawatenga. A Esinati anapempha kuti awajambulenso, anene zoona zake tsopano. Iness anati akafunsa kwa abwana, ndipo analemba nambala ya foni ya Dalitso pa kapepala.

Anawalozera ku ofesi ya bungwe lija, yomwe inali pafupi. Kumeneko sanalowe n'komwe. Anauzidwa kuti mabwana onse ali ku hotela, ku msonkhano wounika mmene ndondomeko yayendera bwino. Kudzera m'mipata ya geti anaona ena mwa magalimoto aja ali pamzere, bambo wina akuwatsuka ndi paipi, madzi akuyenderera mpaka mumsewu. Anaima akuyang'ana madziwo. Ankafuna kukwiya, koma sankadziwa woti amukwiyire. Aliyense amene anakumana naye tsiku limenelo anali waulemu.

Foni ya Dalitso sinalire. Choncho Lamulungu lotsatira, nthawi ya zolengeza m'tchalitchi, a Esinati anaimirira, chinthu chimene anali asanachitepo. Anati iwo ndi Esinati, anthu akuwadziwa. Anati zimene anaona ndi makatoni, m'kati mwake sanaonemo, ndipo anathokoza mtolo asanamasule. Anati aliyense amene anasiya mankhwala chifukwa cha mawu awo abwerere kumene ankatenga, ndipo awakhululukire. Wina kumbuyo anang'ung'udza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. A Monika sanadzutse mutu.

Kuyambira pamenepo, Lachiwiri lililonse a Esinati ankakaima pa mphambano pamene njira ya kumapiri imakumana ndi msewu wa kuchipatala, kubweza anthu. Ena ankathokoza n'kutembenuka. Ena ankati mwina mayiyu wagawana mankhwalawo ndi adokotala, n'chifukwa chake akutithamangitsa. Bambo wina anawauza m'maso kuti asanamize anthu, Esinati weniweni amamumva tsiku lililonse, mawu ake ndi onenepa, osati owonda ngati awowa. A Esinati anamusiya apite akadzionere yekha.

Mu Febuluwale, mvula ili pakati, a Innocent anatumiza uthenga kwa a Esinati kuti atsike msanga. Anapeza pa chipatala paima kagalimoto kakale kodzaza matope, ndipo dalaivala wake, bambo wachikulire wonyowa mpaka m'mawondo chifukwa chokankha pa mlatho, akutsitsa makatoni awiri ang'onoang'ono. Panalibe tenti, panalibe nyimbo. A Innocent anati awa ndi enieni tsopano, akauze anthu.

"Tsegulani," anatero a Esinati.

"Amayi, zalembedwa pamwambapa."

"Pa aja panalembedwanso. Tsegulani, adokotala."

Dalaivala uja anaima akuyang'ana pamene katoni inkang'ambidwa pamaso pake. A Esinati anatulutsa botolo limodzi, analigwedeza pafupi ndi khutu, anapempha kuti litsegulidwenso, n'kuthira mapiritsi pachikhatho. Anafunsa kuti akhala nthawi yaitali bwanji. A Innocent anati mwina miyezi iwiri, mwina osakwana, ndipo za pambuyo pake iwonso sakudziwa. Anawalembera a Vinsenti a mwezi umodzi m'kabuku kawo, kamene a Esinati ankayenda nako nthawi zonse.

A Esinati anakwera phiri mvula ikuwaza. Anapeza a Vinsenti atawakhazika pakhonde, a Monika akusenda maungu pa mphasa. Anapereka kapepala ka mapiritsiwo ndi manja awiri. A Monika anakatsegula, anayang'anitsitsa, kenako anagwira mutu wa amuna awo, a Esinati n'kuwamwetsa madzi. Onse awiri anayang'ana pakhosi mpaka piritsi linatsika.

"Abwera nawo ndani?" anafunsa a Monika.

"Bambo wina chabe, wa kagalimoto kamatope."

"Mwawathokoza?"

A Esinati anakumbukira kuti pamene ankawerenga mapiritsi pachikhatho, kagalimoto kaja kanalira n'kumapita, ndipo iwo sanatembenuke n'komwe. Anagwadira makatoni opanda kanthu pamaso pa dziko lonse, koma munthu yekhayo amene anabweretsa zenizeni anamumasulira mtolo m'maso, n'kumusiya apite ngati wakuba. Anayang'ana kumunsi kumsewu, koma kunali nkhungu yokhayokha.

Pamenepo panamveka phokoso lachilendo. Anali a Vinsenti. Mbali yamoyo ya nkhope yawo inali ikugwedezeka, dzanja lamanzere likumenya pa bondo, misozi ikutsika. Ankaseka, koyamba chigwereni pa nazale paja. A Monika anawapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, ndipo pochita zimenezo anasendera kumapeto kwa mphasa, n'kukankhira mpeni wina ndi dzungu pa malo amene anatsalawo.

A Esinati anakhala pansi n'kuyamba kusenda. Ankaganiza za Lachiwiri likudzalo, kuti akakaima pa mphambano adzanena chiyani, poti tsopano iwo ndi mayi wa pa wailesi uja adzakhala akunena chimodzimodzi, kwa miyezi iwiri kapena osakwana.